Chigamba cha Chitsulo pa Waya wa Mkuwa

Ana anga, za ubwana wanga musandifunse. Ndinabadwa, ndinadyetsa mbuzi, ndinaphunzira sukulu ya mishoni mpaka Sitandade 3, basi. Ndalemba izi chifukwa ndatopa ndi zinthu ziwiri. Choyamba, ndatopa kukumvani mukutchula chinthu chilichonse cholimba kuti chitsulo. Poto chitsulo, belu chitsulo, ngakhale chigwinjiri cha malemu mayi anu akuti chitsulo. Chachiwiri, ndatopa ndi nkhani imene mumakamba pa maliro aliwonse, yakuti amalume anu a Witinesi ndiwo anakupulumutsani pa njala, bambo anu akungopalasa njinga maso ali kumwamba. Nkhaniyo si yabodza, koma ndi yoduka mutu. Mutu wake ndi uwu.

1931, Njuli

Ndinayamba ntchito pa kampani ina ya fodya. Dzina lake lilibe ntchito, inatha kalekale. Ofesi yake inali ku Njuli, minda ndi zigafa zinali cha ku Milepa. Pakati pa malo awiriwa panali lamya ya kampani, waya mmodzi yekha wodutsa ku Mauwa, wokhala pa makapu oyera pamwamba pa mitengo ya bulugamu yopaka phula. Kapitawo wa wayayo anali Che Saidi, Myao wamfupi wa ndevu zochepa, amene anagwirapo kale ntchito yotere kwina. Tsiku loyamba sanandifunse dzina. Anandipatsa tizidutswa tiwiri ta waya.

"Pinda uyu," anatero. Ndinapinda, anapindika ngati luzi lonyowa. "Pindanso uyu." Ameneyo anandicheka chala.

"Wofiirayu ndi mkuwa," anatero Che Saidi. "Ndi wofewa, umatamuka, suchita dzimbiri. Ukakalamba umangobiriwira ngati ndere. Mawu amathamanga mwa iwo ngati madzi mu ngalande yosesa. Wotuwayu ndi chitsulo. Ndi cholimba, sichitopa kukoka, koma mawu chimayenda nawo mokakamira, ndipo mvula ndi mdani wake. Chitsulo chigwire mtengo kuti usagwe, mkuwa unyamule mawu. Chilichonse pa ntchito yake. Ndipo usadzazimange pamodzi, wamva iwe? Mvula ikangozipeza zitakumbatirana zimayamba kudyana, ndipo chodyedwa ndi chitsulo."

Atatero anandipatsa maginito wopindika ngati chiboda cha bulu, wochokera m'lamya yakufa. Anati maso amanama, waya wakale aliyense amada, koma maginito sanama. Chitsulo amachigwira, mkuwa amaudutsa ngati sakuudziwa. Maginito ameneyo ndinayenda naye m'thumba mpaka tsiku lopuma ntchito, ndipo ndi yemwe adzukulu anga akuseweretsa masiku ano potola misomali.

Waya wathu anali wa mkuwa kuchokera ku Njuli mpaka ku Milepa, wopanda chigamba. Munthu akatsokomola ku Milepa, ku Njuli ankamufunsa ngati wadwala. Ndinkanyadira zimenezo, ndipo sindipepesa.

1936, Mauwa

Ndinakwatira mayi anu, a Edina, n'kukakhala pachikamwini kwawo ku Mauwa. Makolo awo anachokera ku Manguru kalekale, anthu olima ndi opemphera. Waya wa kampani ankadutsa m'dambo la kuseri kwa mudzi womwewo, ndiye ndinkati ndapeza pabwino. Sindinadziwe kuti ndakwatira m'mudzi wa anthu opempha waya.

Aliyense ankafuna kachidutswa. Uyu akuti ka nyamakazi, avale pamkono. Uyu akuti ka msampha wa nkhwali. Uyu akuti kamangire khutu la ndowa. Onse ndinkawayankha mawu amodzi: "Si wanga." Pasanathe chaka, mudzi wonse unkandidziwa kuti ndine mkamwini wouma manja.

Wovuta kupambana onse anali mchimwene wa mayi anu, a Witinesi, mwini mbumba wa pamudzipo. Munthu wa manja aluso, sindikana. Ankawotcherera ndowa, ankasula mipeni, ankakonza maloko. Koma mutu wake unali wa nthabwala. Ankandipeza ndikupukuta zida pakhonde, n'kukhala pansi osauzidwa.

"Alamu, kodi mawu a mzungu amayenda mkati mwa wayayo kapena pamwamba?"

"Mkati."

"Nanga mbalame zikakhalapo sizimva zinsinsi za kampani?"

"Alamu, ndili pa ntchito."

"Koma bwanji osangomanga waya wa mpanda? Waya ndi waya. Mawu ali ndi maso kuti aone kuti uyu ngwofiira, uyu ngwotuwa?"

Ndinawafotokozera zonse zimene Che Saidi anandiphunzitsa. Ndinawaonetsa ndi maginito yemwe. Anamvetsera bwinobwino, akugwedeza mutu, ndipo pomaliza anati, "Eya, ndamva. Komabe waya ndi waya." Munthu wotero mumamutani?

1942, nthawi ya nkhondo

Che Saidi anakalamba n'kubwerera kwawo, ine n'kukhala kapitawo. Chaka chomwecho kunabwera bwana watsopano, mzungu wamtali wofiira khosi. Chinyanja ankachidziwa pang'ono, koma mawu amodzi ankawakonda kwambiri, ndipo ndiwo anakhala dzina lake: Pompopompo. Chilichonse pompopompo. Fodya aume pompopompo, mvula ileke pompopompo.

Nkhondo inatilanda zonse. Matayala a njinga kunalibe, ndinkaphatika udzu m'tayala lakale n'kumanga ndi chikopa. Mabatire a lamya ankabwera mwa apo ndi apo. Mkuwa ndiye sunkabwera n'komwe, ankati wonse ukupita ku zipolopolo. M'malo mwake anatitumizira mikombero ya waya wa chitsulo, mulu waukulu. Bwana anati ndizigwiritsa ntchito ameneyo waya akaduka. Ndinati ayambe wamva. Ndinayala mkombero wathunthu pabwalo, n'kulumikiza lamya uku ndi uku, ine kukaima kumapeto n'kuyankhula. Anabwera ali tsinya.

"Jailosi, iwe unayankhula uli mu mtsuko?"

"Iyayi bwana, ndi chitsulo chimenecho. Tsono apa ndi pabwalo pokha. Kufika ku Milepa ndiye mudzamva ngati udzudzu."

Mikomberoyo inakalowa m'nyumba yosungira katundu, ndipo ine nkhondo yonse ndinasunga waya wanga ndi zinyenyeswa za mkuwa zimene Che Saidi ankasunga m'debe. Mphepo ikagwetsa nthambi pa waya, ndinkalumikiza mkuwa ndi mkuwa, kupala ndi tupa mpaka kuwala, kupota bwino, kuwotcherera. Pompopompo anali waukali koma sanali wakhungu. Nkhondo itatha anandiuza kuti kampani ikumanga ofesi yaikulu ku Limbe, ya malamya ambiri, ndipo malo akapezeka ine ndidzapita kukayang'anira, nyumba ya njerwa ndi mpopi pakhomo. Ndinawauza mayi anu. Iwo anauza mudzi wonse.

1949, chaka cha njala

Za njala ija sindichulutsa. Akuluakulu mwa inu mukukumbuka. Mvula inaduka chimanga chisanamasule, ndipo pofika nthawi ya dzuwa nkhokwe zonse zinali mbee. Phoso la chakudya limene kampani inkandipatsa linali la munthu mmodzi ndi mkazi wake. Pakhomo pathu panali inu asanu, agogo anu, ndi ana a mayi anu aang'ono amene bambo wawo anapita ku Joni osabwerera. Esinati, iwe unali utayamba kutupa mapazi.

A Witinesi ananyamuka wapansi kupita kuseri kwa phiri la Mulanje, ku dziko la Apwitikizi, kumene ankati chinangwa chilipo. Anabwerako ndi thumba la makaka pamutu. Patapita milungu anapitanso, anabweranso ndi makaka ndi mapira. Ankati akukagwira ganyu. Ndinadabwa kuti ganyu wanji wolipira chotere chaka choterechi, koma munthu wanjala safunsa mphika kumene wachokera. Ndinadya nawo. Izi ndikulemba kuti wina asadzati ndinabisa.

Nthawi yomweyo lamya inayamba kudwala. Sinafe ayi. Ikanafa ndikanapeza pamene yadukira tsiku lomwelo. Inangoyamba kuyankhula motsitsa, ndi kuthetheka ngati chimanga chokazinga. Kalaliki wa ku Milepa ankakuwa mpaka kusasa mawu. Pompopompo ankamenya tebulo. "Jailosi! Konza pompopompo!" Ndinasintha mabatire. Ndinaganiza kuti nthaka yauma kwambiri, poti lamya yathu inkabwezera mphamvu yake kudzera pansi, ndiye ndinatunga madzi patali n'kuthira pa ndodo zokhomedwa m'nthaka ku Njuli ndi ku Milepa komwe. Madzi amene anthu ankalimbirana pachitsime, ine kuthira pansi, amayi akundiyang'ana ngati wamisala. Sizinathandize. Ndinapalasa njinga uku ndi uku, m'mimba mulibe kanthu, khosi litapindikira kumwamba. Waya yense anali m'malo mwake, wosaduka, wosakhudza nthambi. Uku ndiye kuyendayenda kumene mumandiseka nako.

Mvula yoyamba itagwa ndiye chinsinsi chinaululika. Ndikudutsa m'dambo la kuseri kwathu, ndinaona kapu imodzi yoyera ya pamtengo wa lamya ili ndi mzere wofiirira, ngati yalira misozi ya dothi la katondo. Ndinaima. Mkuwa ukanyowa umasiya zobiriwira. Zofiira ndi dzimbiri, ndipo dzimbiri pamwamba apo linalibe chifukwa chokhalirapo. Ndinakwera mtengo, ndinatulutsa maginito, ndinamuyandikiza pa waya. Anakakamira nga!

Chitsulo. Waya wakale wa mpanda, wowongoledwa bwinobwino ndi nyundo. Ndinatsika, ndinakwera mtengo wotsatira, chimodzimodzi. Dambo lonse, kuyambira pa mkuyu mpaka kutsidya, mkuwa unali utachoka, m'malo mwake muli chigamba cha chitsulo. Ndipo polumikizira sipanali popota monga timachitira ife. Panali mfundo ya msampha wa nkhwali, yaudongo, yokoka mbali zonse.

Wakuba wachilendo amadula n'kuthawa. Wakuba amene amavutika kusaka waya wina, kumuwongola, kukwera naye, kumukoka mpaka alingane ndi mnzake, ameneyo ndi wakuba wokumvera chisoni. Ndipo m'boma lonse la Chiradzulu munali munthu mmodzi yekha amene akanaganiza kuti wandichitira zabwino.

A Witinesi ndinawapeza akunola khasu kuseri kwa nyumba yawo. Ndinaponya kachidutswa ka dzimbiri pamapazi awo.

"Ichi n'chiyani, alamu?"

Anachiyang'ana. "Waya."

"Wa mtengo uti?"

Anaika khasu pansi. Sanakane, ndipo sanachite manyazi. "Aa, alamu, mwakwera pamwamba kukatani? Pansi pano zimaoneka bwinobwinotu. Ndinabwezeratu wina. Wokhuthalanso kuposa wanu uja!"

"Mkuwa wanga uli kuti?"

"Uli m'mimba mwa ana anu. Wina uli m'mimba mwanu."

Anandifotokozera ngati akundiphunzitsa ntchito. Akuti mkuwa ukauwotcha n'kuuviika m'madzi umafewa ngati phula, ndiye ankapota zigwinjiri za mizere itatu, n'kuzitsuka ndi mandimu ndi phulusa. Amayi a kuseri kwa Mulanje kuja, akuti, akaona chigwinjiri chofiira chikuwala amatsegula nkhokwe osawerengera. "Ndinayesa kaye za chitsulo," anatero, "anandiseka. Akuti tivale mpanda pamkono?"

"Ndiye mukudziwa kuti n'zosiyana!"

"Pamkono n'zosiyana. Koma pamtengo, alamu, waya ndi waya. Kodi lamyayo yaleka kuyankhula?"

Ndinafuna kuwamenya ndi khasu lomwelo. Ndinati akudziwa kuti zimenezi n'za ndende? Akudziwa kuti ntchito yanga ithera pamenepa? Pamenepo nthabwala zinawathera. Anaimirira.

"Alamu, inu ndinu bambo wawo, sindikana. Koma ana awa ndi mbumba yanga. Esinati akanafa, anthu sakanafunsa kuti bambo ake anali kuti. Akanafunsa kuti malume ake anali kuti. Inu mumalondera waya, ine ndimalondera anthu. Kanditchuleni, ndikagona kundende, akuti kumeneko amapereka phala."

Mayi anu anamva zonse ali pa mtondo wopanda kanthu. Nditalowa m'nyumba ananditsatira. Sanakweze mawu, sanali munthu wotero. Anati, "Bambo a Esinati, ntchito ndi yanu, muchite monga mukuonera. Koma mukatchula achimwene kwa mzungu, podzabwerera kuno mudzapeza mphasa yanu ili panja. Osati ine ndaiponya ayi. Mudzi."

M'mawa mwake ndinapalasa kupita ku Njuli. Njira ziwiri ndinkaziona. Kutchula dzina, alamu anga akamangidwe, ine ndikhale ndi Limbe wanga koma wopanda khomo. Kapena kunama kuti sindikudziwa, kulumikiza mkuwa wina, n'kudikira kuti njala iudulenso, poti tsopano dera lonse linali litamva kuti pamitengo pali chinangwa. Kunama sindinaphunzire. Ndinalowa mu ofesi, ndinaika chidutswa cha dzimbiri patebulo, ndinanena zimene ndinapeza.

"Ndani?" anatero Pompopompo.

"Ndikumudziwa, bwana."

"Dzina. Pompopompo."

"Sindinena."

Khosi lake linafiira kuposa mkuwa. Anati ndiye kuti ndine mnzake wa wakubayo. Ndinati ndikanakhala mnzake sindikanabweretsa chidutswachi. Anati aitana apolisi. Ndinati aitane, adzamanga munthu mmodzi, koma njala sadzaimanga, ndipo mkuwa ukhala pamitengopo ukuitana anthu mpaka kukolola. Anafunsa kuti tsono ine ndikufuna chiyani. Mawu amene ndinayankha anandiwawa kuposa njala.

"Titsitse mkuwa wonse, bwana. Kampani iusunge. Tikweze chitsulo chija chili m'nyumba ya katundu. Chitsulo palibe adzachifune."

"Iwe wemwe unati chitsulo ndi udzudzu."

"Ndi udzudzu ndithu."

Anavomera, poti sanali chitsiru. Koma anaonjeza ziwiri. Za ku Limbe ndiiwale, sangatumize ku ofesi yaikulu munthu wobisa mbala. Ndipo tsiku lililonse limene lamya idzakane kuyankhula, lamya ndidzakhala ine ndi njinga yanga. Ndinati ndamva. Sindinapemphe chifundo.

1950

Ndinautsitsa ndekha ndi manja angawa, mkuwa umene Che Saidi anandisiyira wopanda chigamba. Unkatsika wofewa, wobiriwira, ukulira pang'ono pamene ukukhudza miyala. Kampani inalemba aganyu okoka waya watsopano, malipiro ake chimanga. Tsiku loyamba ndikuyang'ana mzere wa anthu ofuna ganyu, woyamba kutsogolo ndani? A Witinesi, atamanga nsanza m'manja, akumwetulira.

"Kapitawo, mundilembe. Ntchito imeneyi ndinaigwirapo kale."

Ndinawalemba. Ankakwera mitengo kuposa onse, ndipo ndiwo ankatsogolera nyimbo pokoka. Koma mfundo iliyonse imene anamanga ndinkaimasula pamaso pawo n'kupota ndekha.

1951 mpaka 1958

Zimene ndinanena zinachitika. Palibe anabanso waya, ndipo palibe anamvanso bwino. Chitsulo chija chinali chitagona m'nyumba ya katundu kuyambira nkhondo, dzimbiri linali litayamba kale. Dzinja lililonse ndinkakwera mitengo kupala molumikizira. Ndikapala ku Mauwa, kwadwala ku Milepa. Pompopompo anasunga mawu ake onse awiri. Ku Limbe kunapita munthu wina amene ine ndinamuphunzitsa kugwira tupa. Ndipo lamya ikakana, ndinkapalasa ndi uthenga m'mutu, matope kapena dzuwa, kukanena kuti galimoto ibwera mawa, kapena kuti sibwera. Mawondo amene mukundiperekeza nawo kuchipatala masiku ano anathera pamsewu umenewo. Anthu a ku Milepa, munthu akamayankhula mong'ung'udza, ankamuuza kuti, "Kweza mawu, usakhale lamya ya Jailosi." Dzina langa, la munthu amene waya wake ankamveketsa chifuwa!

Kumudzi palibe anandithokoza, ndipo sindinayembekeze. A Witinesi anakhala ngwazi, ine ndinakhalabe mkamwini wouma manja. Mphasa yanga yokha ndiyo sinatuluke panja.

Tsiku lopuma ntchito mayi anu anaphika thobwa, anthu anabwera. A Witinesi, imvi zili mbuu, anandikokera pambali n'kuloza waya wa m'dambo. "Mwaona alamu? Chitsulo chokhachokha, koma mpaka lero akuyankhulirapo. Ndinanena ine." Anamwalira akukhulupirira zomwezo, ndipo pa maliro awo bokosi ndinakhoma ndine.

Lamulungu lotsatira nditapuma ntchito, mayi anu anatuluka m'nyumba kupita kutchalitchi atavala chigwinjiri chofiira cha mizere itatu chimene ndinali ndisanachionepo. Achimwene awo anawasungira chimodzi, ndipo iwo anachibisa pansi pa dengu zaka zonsezo, kudikira kuti kampani ileke kukhala ndi mawu pa ine. Ndinagwira mkono wawo n'kuyang'ana. Kukula kwa wayayo ndinkakudziwa ngati chala changa.

"Mukufuna mukachibweze ku Njuli?" anafunsa.

"Tiyeni, tachedwa," ndinatero.

Esinati, chigwinjiri chimenecho chili ndi iwe tsopano, ndipo ndinachiona posachedwapa chitada bii. Uchitsuke ndi mandimu ndi phulusa. Pa maliro mupitirize kutamanda amalume anu, anakudyetsanidi. Koma wina akadzakufunsa kuti chavala pamkonocho n'chiyani, usadzati chitsulo. Chitsulo ndi chimene ine ndinatsala nacho. Chimenecho ndi mkuwa.